Chifunga cha ku Beacon Hill

Chifunga chakuta dera lathu lino la Beaumont Leys lero, Tamanda mwana wanga, ndiye ndakukumbuka. Tsiku lina lotere, utangoweruka kuchipatala, unaima pawindo nsapato zothamangira zili m'manja. Unati, "Ikanakhala mvula ndikanakathamanga kupaki ya Bradgate, koma chifunga ichi n'cha kuphiri la Beacon Hill." Ine ndinadabwa, ndinati, "Kwathu ku Dedza phiri timakwerera nkhuni kapena mapemphero. Nanga iwe ukuthamangira chiyani koti sukaona kanthu?" Unaseka, unati, "Amayi inu, ndidzakutengani mukaone nokha."

Koma unadwala, matendawo anafulumira kukuchotsa padziko usananditengeko. Mpaka lero ndimadzifunsabe chimene unkaona pamwambapo. Ndiye ndapempha amuna ako andiperekeze pagalimoto. Kuthamanga sindingathe ayi, koma ndikwera pang'onopang'ono ndi ndodo yanga, chifungachi chisanachoke.