Malaya akumunda a atsibweni

Atsibweni, lero ndikusesa kuchipinda ndapeza chipewa chanu chausilikali, ndipo ndaseka ndekha. Mukukumbuka chaka chija munabwera patchuthi nthawi ya chisankho? Titafika kokavota ku Milonde, anthu ataona yunifolomu anapatuka onse kuti muyambe ndinu. Inu munangotembenuka, kubwerera kunyumba, n'kukavala malaya anu akumunda ong'ambika paphewa aja. Pobwera munadzaima kumapeto kwenikweni kwa mzere, kumbuyo kwa mayi ogulitsa nanazi. Dzuwa linatiwamba mpaka masana, ine ndikungong'ung'udza.

Amene munamuvotera uja anagwa, ndipo pamsika anthu ankanong'onezana kuti asilikali savomereza zimenezo. Ndinakufunsani mwamantha kuti, "Ndiye mukabwerera kukampu mukatani?" Munayankha mukusenda chinangwa, osadzutsa n'komwe mutu: "Ndikamuchitira saluti wopambanayo. Mfuti ija si yanga, mphwanga, eni ake ndi mayi a nanazi aja, ndipo anena kale." Lero patha zaka zitatu chitisiyireni. Chipewacho ndachipachika pakhoma kuti alendo azichiona, koma malaya aja ndikuvala ndine, ndipo pamzere sindidumpha munthu. Pitirizani kuusa mumtendere, atsibweni.