Amene anamuveka chitenje ndine

Pali chinthu chomwe sindinauzepo munthu, ngakhale bambo a kunyumba. Amene anaononga zojambula za mwana wanga ndine.

Mwanayu ndi wamkazi, ali Sitandade 3 pasukulu yomwe ndimaphunzitsa ku Liwaladzi. Kumapeto kwa kope lake la masamu ankalemba timabokosi n'kumajambulamo nkhani, kutengera makatuni a m'nyuzipepala zokulungira usipa. Nkhani yake inali ya mtsikana wopalasa bwato, atavala thalauza. Apa n'kuti lamulo loletsa akazi thalauza litangochotsedwa kumene, koma kwathu kuno wovala ankalozedwabe chala. Ndinaganiza za apongozi anga, zomwe anganene: mphunzitsi ameneyu akumulera bwanji mwana? Ndinatenga pensulo, m'bokosi lililonse n'kumuveka mtsikanayo chitenje chofika m'mapazi.

"Amama, wagwira kope langa ndani?"

Ndinati sindikudziwa. Kuyambira tsikulo anasiya kujambula. Pensulo ankangoiluma.

Temu isanathe kunabwera mayi wina wa ku yunivesite, wofufuza mmene ana amajambulira atsikana ndi anyamata. Anapempha makope a kalasi yonse. Atafika pa la mwana wanga anaseka.

"Iwe mwana, ameneyu likagubuduka bwato asambira bwanji ndi chitenje chonsechi?"

"Si ine ndinamuveka. M'kati ali ndi thalauza."

"Eya, ndaiona."

Anandiyang'ana pang'ono, n'kunena motsitsa mawu, "Aphunzitsi, dzanja ili ndi la munthu wa satifiketi." Kenako anatembenukira kwa mwana uja.

"Basi, wavekedwa kale. Ndiye achita nacho chiyani? Mawa ndidzaone."

M'mawa mwake panali mabokosi anayi atsopano. Mtsikana uja wavula chitenje, wachimanga ku nsungwi, chasanduka thanga logwira mphepo. Bwato lake lasiya amuna onse m'mbuyo, pakamwa ali yasa.

Mayiyo anagona masiku awiri okha. Sindikudziwa ngati adzalembe za ife m'mabuku ake. Ndimangomuthokoza. Akanatha kundichititsa manyazi pamaso pa ana anga a sukulu, ndi mabuku ake onse aja, koma anangondibwezera mwana wanga. Pano kope lachitatu latha, ndipo apongozi analiona n'kungoti, "Ameneyu ndi wamakani ngati bambo ake."

Koma mwanayo kumuuza sindinamuuze. Ndimati akule kaye, nthawi zina ndimaona kuti ndi mantha chabe. Inu amene muli ndi ana, ndinachita bwino kukhala chete?