Atelala ndi Mphaka wa Mayi Nusaiba

Atelala a pafupi ndi kwathu ku Migowi salankhula zambiri, koma amphaka ovulala a m'dera lathu amathera pakhonde pawo. Mphaka akakandidwa ndi mnzake, iwo amamukulunga m'chidutswa cha chitenje kuti asavute, n'kumeta ubweya wozungulira bala ndi sizasi. Kenako amatsuka balalo ndi madzi ofunda othira mchere pang'ono. Panado amakaniza. "Ameneyo ndi wa anthu, mphaka amafa naye," amatero.

Tsiku lina Mayi Nusaiba, oyandikana nawo nyumba, anabwera akuthamanga atanyamula mphaka wawo, galu atamung'amba pamimba.

"Atelala, singano muli nayo. Msokeni, chonde!"

Atelalawo anayang'ana balalo nthawi yaitali, ulusi uli kukamwa.

"Mayi, ine ndimasoka zinthu zosapuma. Bala lakuya chonchi, kapena lotupa ndi lonunkha, ndi la adokotala a ziweto."

Mayiwo anapsa mtima, amvekere atelalawo akukana dala. Atelala anatseka shopu. Anaika mphakayo m'katoni, n'kupalasa njinga kupita naye kwa adokotalawo.

Mphakayo anachira patatha milungu itatu. Mayi Nusaiba sanapepese, koma anabwera ndi mbale yodzaza nandolo. Atelala analandira osafunsa kuti ndi wa chiyani.