Mtengo wa Mzungu, Mayina a Kwathu

Ntchito yanga ndi yolemba zikwangwani. Pa Kabwata pano masaluni ndi timagolosale tambiri tili ndi dzanja langa. Ndilinso ndi nthenda imodzi: ndikakwiya sindibwerera msanga. Amayi atamwalira, amalume a ku Chelstone anafuna kuti maliro apite kumudzi ku Katete, koma ine ndinawaika m'tauni muno. Tinanyozana pamaso pa anthu, ndipo zaka zitatu zinatha osapatsana moni. Ndinkamva kuti akudwala, ndinkangoti achira.

Tsiku lina anandiitana amayi ena achizungu a ku Kabulonga, okalamba, obadwira pa famu ku Makeni, Chinyanja chili pakamwa. Anatulutsa mapepala ndi thabwa lalikulu. Ankafuna ndiwajambulire mtengo wa banja lawo, kuyambira pa kholo lawo la ku Scotland, mfumu ya dera ya zaka mazana ambiri zapitazo.

Mbiri yake anandiuza tili pakhonde. Munthuyo anali ndi linga lamiyala pamwamba pa phiri. Anakwatira kawiri, kachiwiriko potsata minda ya mkaziyo. Kenaka anapandukira mfumu yaikulu, analandidwa malo, nakafera m'ndende. Anasiya mwana wamwamuna mmodzi, ndiponso mlongo amene anali ndi ana ake.

"Olowa pa mupando wake mumuike pakati, pamwamba pake," anatero amayiwo. "Ndiye anabweza malo onse."

Ndinagwedeza mutu ngati wamva. Safunsa anadya phula. Kunyumba ndinatenga bulashi, patsinde n'kuikapo amake a kholo lija, pakati n'kulembapo mwana wa mlongo wake. Nanga wolowa ufumu angakhale ndani wina? Kwathu n'chimene ndinakula ndikuchidziwa. Mwana wake weniweniyo ndinamukankhira ku kanthambi ka m'mbali.

Nditabweza thabwalo, amayi aja anavala magalasi, anayang'ana, n'kuseka mpaka kutsokomola.

"Ba penta, uyu afuna chani apa?"

"Ni mwana wa mulongo wake, madamu. Ndiye mwine mupando."

"Iyai! Kwathu mupando ni wa mwana mwamuna oyamba."

"Nanga mulongo? Pa pepala palibe na zina yake."

"Sibanalembe. Sitimuziba."

Zinandipsetsa mtima, kunena zoona. Mayina a amuna ndandanda, osaphonya ndi mmodzi yemwe, koma mkazi wobadwa naye bere limodzi kungomulemba kuti mlongo, basi. Ndinawauza monyada kuti kwathu munthu timamuwerengera kwa amake, mkazi satayika.

"Ni vabwino ivo," anatero. "Manje imwe, ambuye ba amai banu benze ndani?"

Amayi ndinkawadziwa, agogo ndinkawadziwa. Kupitirira apo kunali mdima. Manyazi anandigwira ngati mwana wopezeka ndi dzanja m'shuga.

Thabwa lawo ndinalipaka loyera n'kuyambanso. Sabata yonse ndinalemba mayina a eni ake, bambo, mwana, bambo, mwana, dzina lililonse likundibaya. Munthu wodziwa mayina a mbumba yathu anatsala mmodzi yekha, ndipo anali yemwe uja ndinalumbira kuti pakhomo pake sindidzapondapo. Akapita iyeyo, zonse zapita.

Loweruka ndinagula thabwa langa, ndinakwera minibasi ya m'tauni, kenaka ya ku Chelstone, kondakitala akudandaula kuti thabwalo likudya malo a munthu. Pageti mtima unati bwerera. Ndinaukaniza.

Amalume ndinawapeza akuwotha dzuwa, atawonda mpaka jekete kuwakulira.

"Wabwela kuona ngati nafa?" anandifunsa.

"Nabwela kutenga maina, amalume. Munikalipile mmene mufunila, koma sinichoka."

Anandikalipiradi, ndipo sanasiyeko kanthu. Ine ndinakhala pansi, choko m'manja. Mpweya utawathera anayamba kupinda zala: agogo, amake a agogo, amake a iwowo, mpaka akazi asanu, aliyense ndi mbiri yake ndi ana ake. Wina anathawa njala ndi ana atatu, wina anakana mwamuna wa mitala. Ndinkalemba mothamanga, choko chikuthyoka.

Atafika pa wachisanu anayang'ana thabwalo.

"Onsewa agona mzere umodzi kumanda kwathu," anatero. "Pafupi na ambuye ako ninasungapo malo ya mai wako. Iwe unaona monga nifuna chabe kukulamulila."

Zaka zitatu ndinkadziona wopambana. Tsiku limenelo ndinalira, bambo wamkulu ndi ndevu zanga. Amayi sindikanatha kuwafukula. Chimene ndinatha n'kulemba dzina lawo moyandikana ndi la amawo, zilembo mpaka kukhudzana, ndipo la amalume ndinaliika pambali pa mlongo wawo.

"Imwe muzakagona kwanu," ndinawauza. "Nizakupelekani neka."

"Tizaona," anatero. "Iwe na mutu wako uja."

Mutu womwewo ndi umene unagwira ntchito. Amalume atamwalira, ana awo anati Katete ndi kutali, tingowaika konkuno. Ndinakana, ndinakanitsitsa, mpaka anatopa nane. Ulendo wonsewo ndinakhala kumbuyo kwa lole, dzanja limodzi pabokosi, lina pathabwa.