Madzi a Soche pa Kamlatho ka Naperi

Nditangoyamba ntchito m'tauni ndinkachita lendi ku Chimwankhunda, pakati pa nyumba za abambo awiri amene sankamvana pa nkhani ya mapiri. Ena anali atelala, ankasokera pakhonde la sitolo pafupi ndi msika waukulu. Anabadwira ku Ndirande, ndipo sankalola kuti tiiwale zimenezo. Anzawowo anali akalaliki pa kampani ina, munthu wa tayi ngakhale kutenthe bwanji, wobadwira m'tsinde mwa Soche momwemo.

M'mawa tinkanyamuka tonse wapansi, poti maminibasi ankatifika atadzaza kale.

"Achimwene," atelala ankayamba, akuloza Soche ndi ambulera, "kachulu kanu kaja kadzuka bwanji lero?"

"Kadzuka bwino. Nanga phiri lanu lija munalimeta mpala, silikumva kuzizira?"

Tikadutsa Zingwangwa ankasiyana. Atelala ankatsata msewu wa tala. Akalaliki ankadulira kumunsi, pa kamlatho kowoloka Naperi. Ankati agogo awo anachokera ku Mozambiki wapansi, ndiye panalibe wowaphunzitsa kayendedwe. Ine ndinkatsata atelala chifukwa choopa matope. Tinkakumananso polowa m'tauni, ndipo wofika mochedwa ankasekedwa mpaka madzulo.

Tsiku lina mvula inatipeza titasiyana kale. Ngalande zinadzaza msanga, msewu n'kusanduka mtsinje, majumbo ndi mabotolo zikuyandama. Tinausa pakhonde lina mpaka inakata. Titafika pokumanira pathu, akalaliki kunalibe. Atelala anayamba ndi kuseka, akukonzekera zokawanena. Kenako ndinaona kuti asiya, akungoyang'ana kumene tinachokera.

"Mwana wanga, tiye tibwerere," anatero.

Tinawapeza pa kamlatho paja. Madzi ofiira anali atasefukira pamwamba, akukokoma. Akalaliki anali ataima pakati penipeni, madzi akulekeza m'mawondo, tayi ataiponya paphewa. Dzanja lina anagwira chitsulo cha m'mbali, linalo akuwolotsa amayi amene anasenza madengu a tomato ndi masamba kupita kumsika. Aliyense ankamuuza poponda.

"Apa pali dzenje, mayi. Pondani chakuno. Dengu musaligwire, gwirani ine."

Atelala anavula nsapato. Anandipatsa pamodzi ndi ambulera, n'kupinda thalauza, n'kulowa. Anali munthu wamfupi, madziwo anawafika m'ntchafu.

"Madzi onsewa achokera ku kachulu kanu kaja?" anakuwa.

"Chulu chimatsitsa madzi otere? Landirani mayi awa, muzilongolola bwino kutsogoloko!"

Amayi aja ankaseka uku akuwoloka. Mmodzi, wachikulire ndithu, anakana kusuntha ali pakati. Abambo awiriwo anamuika pakati pawo, wina uku wina uku, akumufunsa kuti pa Soche ndi Ndirande phiri lenileni ndi liti. Anafika kutsidya asanayankhe.

Madzi atatsika tinayenda mpaka kumsika. Thalauza la akalaliki linali litang'ambika kuyambira pabondo mpaka pansi. Atelala anawakhazika pa benchi, n'kuwafunditsa chitenje, n'kutulutsa thalauza la munthu wina limene linali lisanatengedwe. Linali lalifupi, masokosi onse ali pamtunda. Akalaliki analivala, anakonza tayi yawo, n'kupita ku ofesi choncho. Atelala anapukuta makina awo, nayamba kusoka long'ambika lija.