Soketi ya a Jenala

A Jenala Mvula ndinawadziwira ku Kabushi, akusoka mabulauzi oyera a amayi a Chigwirizano cha kumpingo kwathu. Makina awowo ndiwo anaphunzitsa mlongo wawo wamng'ono, Lighton, mpaka anapeza ntchito ya muofesi. Amuna awo atamwalira, akuchimuna analanda nyumba, ndipo Lighton anawatengera kwake ku Kansenshi. Tinamuyamika. Titapita kukawaona, tinapeza wawagoneka m'galaja.

Iwo sanadandaule. Anaika bedi kukhoma, makina pafupi ndi soketi imodzi yomwe inali mmenemo, ntchito n'kumayenda.

Kenako Lighton anagula galimoto n'kuilowetsa momwemo, a Jenala n'kusendera pakona. Sizinamukwanebe. Anafuna chitseko chotsegula ndi limoti, ngati cha abwana ake. Tsiku limene anabwera wamagetsi, Stanislaus, ine ndinalipo. Iye anati chitseko chotere chimafuna waya wakewake wochokera pabokosi la magetsi m'nyumba.

"Mufuna kuboola chipupa changa, penti ya manje manje?" anatero Lighton. "Awe. Tengani pa soketi paja."

"Nanga mashini ya amai aba?" anafunsa Stanislaus.

"Ba sisi bakula, bapumuleko."

Apumuleko! Mawu amenewo amandinyansa mpaka lero. Stanislaus anapukusa mutu, komabe anachotsa soketi n'kulumikizapo mota ya chitseko. Chingwe chofiira chotsegulira pamanja magetsi akathima, Lighton anachidula yekha, ati akuba angachikole ndi waya. Galajayo inalibe khomo lina, ndipo limoti inkakhala m'thumba mwake. Mayi wamkulu ngati ameneyo ankachita kugogoda kuti amutsegulire apite kuchimbudzi.

Sabata imeneyo anali ndi mabulauzi a amayi ovekedwa yunifomu Lamlungu. Anawamaliza popukusa gudumu la makina ndi dzanja, mpaka mkono kutupa. Loweruka m'mawa ine ndi mnzanga tinapita kukawatenga. Lighton anadina limoti ali pakhonde, kuti tione ndithu. Chitseko chinayamba kukwera, koma chitafika m'mawondo magetsi anathima.

"Ni load shedding iyi," anatero Lighton mosatekeseka. "Malaiti yazabwela madzulo, pa 18 hours."

Tili chiimire, tinaona mabulauzi akutuluka pansi pa chitseko, opindidwa bwino m'pulasitiki. Kenako makina, akukankhidwa pang'onopang'ono. Pomaliza anatuluka a Jenala eniake, akukwawa chafufumimba pasimenti yodontha mafuta a galimoto. Ndinayang'ana kumbali, misozi ili m'maso.

Anadzuka, nasasa chitenje chawo.

"Tiyeni ku Kabushi," anatiuza. "Pakhonde panu pali soketi?"

"Ilipo, amai."

Makina ndinasenza ine. Tikutuluka pageti, ndinacheuka n'kuona Lighton atagwada pansi, mutu uli kunsi kwa chitseko. Ndinati mwina manyazi amugwira. Kenako anakuwa:

"Ba sisi! Simunakale motoka na mashini yanu?"