Chitseko cha Mlombwa

Tebulo limene amayi amasenderapo kachewere mpaka lero linali chitseko. Mukalitembenuza muona bowo la loko, ndi mwaye umene sopo aliyense anaulephera.

Chinali cha khitchini yathu yakale yofolera udzu, kumudzi kufupi ndi Mayani. Chaka chimenecho ndinali mu Sitandade 3, ndipo kachewere anabereka moti abambo anagwetsa khitchiniyo kuti amange ya njerwa zootcha ndi malata. Chitseko anachizula mosamala, poti chinali cha mlombwa, cholemera, chachitali kuposa iwo. Amayi anali atachipezera kale ntchito: tebulo, kuti aleke kukonzera ndiwo pansi.

Khoma litafika m'chiuno, abambo anayamba kutsokomola. Munali mu Juni, nkhungu ikutsika m'phiri n'kukhala pabwalo mpaka dzuwa litakwera. Anawagoneka m'chipatala kuboma, ntchito n'kuima. Tinkaphikira panja pamphepo, utsi ukutilowa m'maso.

Ndiye kunabwera amalume, achimwene awo a amayi, munthu wouma pakamwa. Ndinawapeza atagoneka chitseko kuseri kwa nkhokwe, akuchiyeza ndi chikhatho m'litali ndi m'lifupi. Anachifunditsa pepala la pulasitiki n'kutsindira ndi miyala.

"Achimwene, chimenecho si cha tebulo?" anafunsa amayi.

"Chisiyeni kaye, mlongo wanga. Asachikhudze munthu."

Amayi anangolowa m'nyumba.

Lero ndikudziwa. Kwathu matabwa abwino sapezeka tsiku la maliro, ndipo ambiri anapita m'bokosi lokhomedwa ndi chitseko cha pakhomo pawo. Amalume ankachisungira abambo chitseko chija. Nkhope ya amalumewo sindinkaikonda ngakhale pang'ono, koma panafunika wina woganiza zimenezo, ndipo amayi sakanatha.

Ine ndinangoonapo malo osewerera. Tsiku lina ndinavundukula pepala lija n'kugonapo chagada, manja m'mbali, maso otseka, ndikuwothera dzuwa. Amayi anandizula ndi dzanja limodzi n'kundipatsa khofi limene ndimalimvabe. Sanali munthu womenya. Kenako anandikumbatira mpaka ndinasowa mpweya, ine n'kumadabwa kuti kodi akwiya kapena ayi.

Abambo anabwera mphepo ya Ogasiti itayamba, ataonda zomvetsa chisoni, jekete likulendewera m'mapewa. Anazungulira khitchini yosatha ija pang'onopang'ono, akugwiragwira khoma. Atafika kuseri kwa nkhokwe anakweza pepala, nayang'ana chitseko, kenako nayang'ana amalume. Amalume anayang'ana pansi.

"Alamu, munayeza bwino?"

"Ndinayeza."

"Zikomo. Kabwerekeni sowo."

Mphamvu zocheka abambo analibe. Anangoloza pakati penipeni, amalume n'kuyamba kucheka. Utuchi wofiira unathothokera pamapazi pawo, fungo la mlombwa linadzaza bwalo lonse. Chidutswa chitagwa, amayi anakhala pansi pafumbi pomwepo n'kuyamba kuseka, kuseka mpaka misozi, akupukuta ndi chitenje. Amalume nawonso anaseka, ndipo kanali koyamba kuwaona mano. Abambo anafuna kuseka, chifuwa n'kuwagwira, komabe sanaleke.

Analira ndine ndekha. Ndinkalirira chitseko chabwinobwino chimene anachiwononga, ndikudabwa kuti anthu akuluakulu akukondwera chiyani ndi matabwa amene tsopano afupika kuposa abambo.